Kudzazanso zipolopolo za .308 m'zigoba zowomberapo kale: momwe ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba ya Meyi

Ndayamba ntchito yodzaza ndekha zipolopolo za mfuti yanga ya .308 Winchester, ndipo ndizilemba pano mmene zikuyendera kuti anzanga amene timakumana ku range (bwalo lophunzirira kuwombera) Loweruka aziona pomwe ndafika. Chandikankha ndi mtengo. Kuwombera bwino kumabwera ndi kubwereza, koma bokosi la zipolopolo 20 za m'sitolo likakupweteka m'thumba, umayamba kuwerenga zotsala m'malo moyang'ana chandamale. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba cha mkuwa, primer (kakapu ka kunsi koyatsa wonga), wonga ndi mutu umene umauluka uja. Zitatu zomalizazo zimatha ntchito ukangowombera. Chigoba chokha ndicho chimagwa pambali pako chili chathunthu, ndipo ngati chili chabwino chingadzazidwenso kangapo.

Ndisanagule kanthu ndinayamba ndi mapepala. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Firearms Act, Chapter 10:09, silimangoona mfuti yokha, limaonanso zipolopolo. Choncho ndinapita kwa apolisi oona za mfuti nditanyamula satifiketi yanga, ndinafotokoza chimene ndikufuna kuchita, n'kutsata zimene anandiuza. Wofuna kuyamba achite chimodzimodzi, asadalire zomva kwa mnzake mu kombi. Wonga ndi ma primer zidzakhala motseka ndi loko, padera ndi padera, kutali ndi moto komanso ana.

Zida zilipo zochepa: press (makina ofinyira zigoba) ya RCBS yogula kwa munthu amene anasiya ntchitoyi, ma die (zikombole zachitsulo zobwezera chigoba pamsinkhu wake) a Lee, sikelo, ndi vernier yanga ya kuntchito yoyezera utali ndi kukula. Tebulo ndalimangirira kukhoma ndi mabawuti m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba kuno ku Mufakose mu Harare, chifukwa press imafuna malo osagwedera.

Zigoba ndili nazo milu itatu. Woyamba ndi wa zanga, za fakitale ya PMP ya ku Pretoria, zimene ndinagula zili zipolopolo zatsopano n'kuwombera kamodzi mu mfuti yangayi. Wachiwiri ndi chidebe cha penti cha malita 5 chodzaza ndi zotola ku range, eni malo atandilola. Wachitatu ndi thumba limene anandipatsa malume anga a ku Highfield. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri m'misasa ya alenje ku chigwa cha Zambezi, kunyamula mfuti ndi kusenda zikopa, ndipo sankataya chigoba. Atamva kuti ndayamba izi anakatulutsa thumbalo pansi pa bedi, nati, "Mphwanga, tenga, ine maso anatha."

Ndadziikira lamulo limodzi: chitini cha wonga sichitsegulidwa mpaka chigoba chilichonse chitadutsa m'manja mwanga.

Pakati pa Meyi

Kusankha kwadya madzulo onse a masabata awiriwa, ndipo ndaona kuti ntchito yeniyeni ili pomwepa.

Ndinayala saka pakhonde n'kukhuthula chidebe ndi thumba lija, mulu uliwonse pawokha. Choyamba kuyendetsa pamwamba anali maginito ochotsa mu sipika yakufa. Zigoba zachitsulo zinanyamuka zokha, zambiri za 7.62x39 za AK, zobiriwira ndi zotuwa. Chitsulo sichibwerera bwino chikafinyidwa ngati mmene mkuwa umachitira, ndipo sindikufuna chikalowe mu die yanga.

Kenako kuwerenga zilembo za kunsi kwa chigoba, chimodzichimodzi, ndi galasi lokuzira. Za .30-06 n'zosavuta, zimatalika kufika 63 mm pamene za .308 zili 51 mm. Za .303 British zimadziwika ndi mkombero wake wotuluka kunja. Zovuta ndi .243 Winchester ndi 7mm-08 Remington, chifukwa zonsezi zinabadwa kuchokera ku .308: thupi ndi limodzi, khosi lokha ndilo lopyapyala. Ukamasankha ndi tulo zimadutsa. Komanso pali anthu amene amakuza kapena kuchepetsa khosi la chigoba kuti chigwire mu mfuti ina, ndiye zilembo zimanena china, khosi likunena china. Chilichonse chimene ndinachikayikira ndinachiyeza pakamwa ndi vernier.

Za asilikali zimaoneka mwapadera. Zambiri sizilembedwa kukula kwake, zimangokhala ndi chizindikiro cha fakitale ndi manambala awiri a chaka, zina ndi kamtanda m'kabwalo, kosonyeza NATO. Winchester anatulutsa .308 mu 1952, ndipo NATO inavomereza 7.62x51 mu 1954. Kunja zimafanana kwambiri, n'chifukwa chake anthu amazisakaniza, koma mkati si chimodzi. Ndidzafikako.

Chimene chinachepetsa mulu kwambiri ndi tochi. Ukawalitsa m'kamwa mwa chigoba n'kusuzumira pansi, umaona bowo limodzi pakatikati, kapena timabowo tiwiri tating'ono m'mbali. Bowo limodzi ndi primer ya Boxer, tiwiri ndi ya Berdan. Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Woolwich, Hiram Berdan anali wa ku America, ndipo onse awiri analembetsa njira zawo mu 1866. Pa Boxer, kachitsulo komenyerapo moto kali mu primer momwemo, ndiye pini ya die imadutsa pabowo lapakati n'kukankha primer yakale kunja mosavuta. Pa Berdan, komenyerapoko ndi mbali ya chigoba chenicheni, kali pakati pomwe pini ikanadutsa. Ukakanikiza press, pini imagunda mkuwa n'kuthyoka. Ma primer a Berdan alinso ndi misinkhu yawoyawo ndipo kuwapeza n'kovuta. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali m'chigawo chino, kuphatikizapo za ku South Africa, ndi za Berdan, choncho gawo lalikulu la thumba la malume linapita kumbali.

Zina zinali ndi mizere yakuda yotsika kuchokera paphewa (pomwe thupi limachepa kupita kukhosi), kuzungulira chigoba chonse. Imeneyo ndi siginecha ya mfuti yankhondo ya G3, imene chamber yake (chipinda chomwe chipolopolo chimaphulikiramo) ili ndi timigula mkati, ndipo imaponya chigoba mwankhanza n'kuchiphwanya pambali. Zochokera mu mfuti zina zankhondo, FN ndi MAG, zambiri zinali zotupa cha kunsi, chifukwa chamber ya mfuti yankhondo imakhala yotakasuka kuti isamakakamire m'fumbi. Pali die yapadera yofinya zoterezi mpaka kunsi, koma ine ndikuyamba kumene ndipo sindikuona chifukwa choyambira pa zovuta.

Pa zotola ku range pali funso limene landikhala m'mutu: n'chifukwa chiyani mwiniwake anachisiya? Pali anthu awiri amene amasiya chigoba pansi. Wina sadzaza zipolopolo, anagula m'sitolo, wawombera, wapita. Chigoba chake n'chabwino, chawomberedwa kamodzi. Wina amadzaza yekha, amatola chilichonse, ndipo chimene wachisiya wachisiya dala chifukwa akudziwa kuti chatha. Pansi zonse zimagona pamodzi ndipo zimawala mofanana. Ndaphunzira kuyang'ana zizindikiro: primer ya mtundu wosiyana ndi zinzake za fakitale yomweyo, timizere ta die m'thupi, pakamwa popalidwa mwaudongo mkati ndi kunja, ndi zipsera zingapo pamkombero pomwe extractor (kambedza kotulutsa chigoba mu mfuti) inakoka. Chipsera chimodzi ndi ulendo umodzi. Zikakhala zinayi kapena zisanu, chigobacho chayenda kale.

Kumapeto kwa Meyi

Kutsuka. Ndinayamba ndi kuchotsa ma primer akale pa zonse za Boxer, kuti madzi afike ndi m'kabowo momwe primer imakhala. Makina ozunguza zigoba ndilibe, ndipo magetsi a masiku ano sangandilole kuwadalira, ndiye ndagwiritsa botolo la pulasitiki la malita 5: madzi ofunda, sopo wotsukira mbale pang'ono, ndi kasupuni kakang'ono ka citric acid wa ku shelefu ya zophikira makeke. Kukhutchumula kwa kanthawi, kutsanula, kutsukuluza ndi madzi oyera mobwereza, basi. Asidiyu safuna kuchuluka ndiponso zigoba siziyenera kugonamo. Kuyanika ndikuyanika padzuwa, pa lata, zitaweramitsa kamwa pansi. Nyengo ino yandikomera, mvula inatha ndipo mpweya ndi wouma. Mu uvuni wa kukhitchini sindiikamo, chifukwa cha kutentha kosayezeka komanso chifukwa ndimo timaphikira.

Mayi a kunyumba ataona ndikuvutika anabwera ndi chitini cha Brasso, amvekere, "Bambo, bwanji osangopaka ichi, miniti imodzi ziwale?" Ndinawathokoza koma ndinakana. Muli ammonia, ndipo ammonia ndi mdani wa mkuwa wa zigoba. Mkuwawu ndi wosakaniza, magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki pa 100, ndipo ukapindidwa ku fakitale umatsala ndi kukokana mkati. Ukakumana ndi ammonia umang'ambika wokha. Asilikali a Britain anaziona ku India: nthawi ya mvula ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo, ndipo pozitulutsa ankapeza zambiri zitang'ambika m'khosi. Zinadzadziwika mu 1921 kuti wolakwa anali ammonia wa mu mkodzo wa akavalowo. Nkhaniyi inandikumbutsa kufunsa malume komwe thumba lawo linkakhala asanalilowetse m'nyumba. Anati zaka zina linali m'shedi, pafupi ndi matumba a feteleza ndi khola la nkhuku. Zotsala za m'thumbamo ndaziyang'ana ndi diso lina kuyambira pamenepo.

Kutsuka kunaululanso zobisika. Zina zinatuluka ndi mawanga ofiirira ngati pinki, kusonyeza kuti zinki anachokamo pamalopo n'kusiya kopa wofewa. Zina zinali ndi ndere zobiriwira, ndipo pansi pake panali timaenje. Kuda kwa ukalamba kokha sindikudandaula nako, koma pomwe chikhadabo chikukodwa, chigobacho ndataya.

Madzi otsukira amatuluka akuda bii, ndipo muli mtovu wochokera mu primer. Ndimavala magolovesi, ndimasamba m'manja ndisanagwire nsima, ndipo madziwo sindiwathira kudimba la masamba a covo la kuseri kapena pomwe ana amasewera.

Sabata yachiwiri ya Juni

Apa ndi pamene ndakhalitsa, chifukwa ndi pamene munthu angavulale.

Chipolopolo chikaphulika, mbali yakutsogolo ya chigoba, yomwe ndi yopyapyala, imafufuma n'kugwira khoma la chamber. Kunsi kwake, komwe mkuwa ndi wokhuthala, sikufufuma choncho, koma kumakankhidwa m'mbuyo mpaka kukagunda bolt, chitsulo chotseka chamber kumbuyo. Ngati panali mpata, chigoba chimatamuka pamalo pomwe mkuwa wokhuthala ukukumana ndi wopyapyala, pafupifupi theka la sentimita kapena kuposerapo pang'ono kuchokera kunsi. Munthu akachifinya mu die n'kubweza phewa m'mbuyo mopyola muyezo, mpata uja umabweranso, ndipo chimatamukanso pomwepo. Mkuwa umene amaudula pakamwa nthawi ndi nthawi umachokera pamenepo. Tsiku lina chimaduka pawiri, kunsi kumatuluka ndi bolt, thupi n'kutsalira mu chamber, ndipo mpweya wamoto umabwerera kunkhope. Malire a pulesha ya .308 amene linaika bungwe loona za kuyesa mfuti la CIP ndi 4,150 bar. Ine ndimakonza makina a hydraulic amene amayenda pa 200 kapena 300 bar, ndipo ndinaonapo zimene paipi imachita ikaphulika pamenepo. Sindikufuna kuyesa ndi diso langa.

Kunja, chizindikiro chake ndi kamzere kowala kozungulira chigoba pamwamba pang'ono pa tsinde, kunsi kokhuthala kuja. Vuto n'lakuti die nayo imasiya kamzere pafupi pomwepo, ndiye diso lokha limanama. Njira imene ikundithandiza ndi ya kawaya: ndinawongola pepa kilipi, n'kunola nsonga ndi fayilo, n'kuipinda pang'ono kumapeto. Ndimailowetsa mpaka pansi, n'kuikoka pang'onopang'ono ikukanda khoma lamkati. Pa chigoba chabwino imatsetsereka osaima. Pa chotha imagwera m'kamgula, umamva m'zala kuti tiki, kenako n'kutulukamo.

Loweruka malume anabwera kudzaona. Ndinawapatsa chigoba china cha ku range, chonyezimira kuposa zonse, chopanda chilema chooneka, koma chimene kawaya kanakodwamo. Anachitembenuza, anachiyang'ana padzuwa, nati palibe vuto. Ndinachimanga mu vayisi n'kuchicheka mulitali ndi sowo yachitsulo. Titatsegula, kamgula kanali poonekera kuzungulira mkati monse, ndipo khoma pamenepo linatsala lopyapyala kufika mwina theka la pambali pake, mkuwa wake wooneka ngati wothetheka. Anakhala chete kanthawi akuyendetsa chikhadabo m'menemo, kenako anati, "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mphwanga, uziyeza zonse, ngakhale zangazo."

Anandiuzanso kuti ku chigwa ankaziona kawirikawiri pa .303. Mfuti yake, Lee-Enfield, imatseka bolt yake cha kumbuyo ndipo chamber yake ndi yotakasuka, choncho zigoba zimatamuka msanga. Pa .375 H&H, yomwe inatuluka mu 1912, chigoba chimaima ndi lamba wake wa kunsi m'malo mwa phewa, ndiye wofinya mosasamala amabweza phewa kwambiri osazindikira, chigoba n'kuduka patsogolo pa lamba. Munthu amene waima pamaso pa njati, bolt n'kutuluka ndi kachidutswa kokha, alibe chipolopolo chachiwiri. N'chifukwa chake alenje amene ankagwira nawo ntchito ankasunga zigoba zatsopano kapena zowombera kamodzi kuti zikhale za kutchire, zakale n'kumaphunzirira ku range.

Zina zimene ndataya sabata ino: zong'ambika khosi, ngakhale kamng'alu kochepa bwanji, zokhala ndi mwaye wakuda kuzungulira pomwe panali primer, ndi zokhala ndi kachizindikiro kowala kunsi, pomwe mkuwa unalowa m'bowo la ejector (kachitsulo koponya chigoba kunja). Zomalizazi zikutanthauza kuti mwiniwake anadzaza mopyola muyezo, ndipo ine sindingadziwe kuti anazivulaza mpaka pati.

Kumapeto kwa Juni

Kufinya mu die. Chigoba chikawomberedwa chimatenga maonekedwe a chamber imene chinaphulikiramo. Zanga za PMP zimalowanso mu mfuti yanga popanda vuto. Za eni ake zinaumbidwa ndi mfuti zina, ndiye zonse ziyenera kudutsa mu die yofinya thupi lonse. Anzanga ena amati zanga ndizingofinya khosi lokha kuti zikhalitse. Ndamva, koma ndasankha kufinya thupi lonse pa zonse, n'kuikira die kuti phewa libwerere pang'ono chabe, pafupifupi 0.05 mm. Mfutiyi ndidzapita nayo kutchire, ndipo ndikufuna bolt izitseka mofewa nthawi zonse. Kuika die kunali kotsitsa pang'ono, kufinya, kuyesa mu mfuti, kutsitsanso pang'ono, mpaka bolt itatseka popanda kulimbana. Poyesapo chigoba chimakhala chopanda primer, chopanda wonga, ndipo patebulo sipakhala chipolopolo chamoyo ngakhale chimodzi.

Mafuta ake ndi opaka ndi zala, ochepa kwambiri, m'thupi ndi pang'ono mkati mwa khosi. Paphewa ayi, chifukwa mafuta akatsekeredwa pamenepo amaboola timadzenje. Chopanda mafuta chimakakamira mu die, mkombero n'kuthothoka, ndipo tsiku lonse limathera pochichotsa. Ndikamaliza ndimapukuta chilichonse, chifukwa chigoba chamafuta sichigwira khoma la chamber ndipo mphamvu yonse imapita pa bolt.

Dzanja limaphunzira msanga. Zanga zimalowa ndi kutuluka mofanana. Pa za ku range, china chimalowa ngati mulibe kanthu, china chimafuna kuti uimirire. Zimene zinakana kutseka bolt ngakhale zitafinyidwa ndinaziika kumbali osakakamiza.

Za asilikali zochepa zimene zinali za Boxer zili ndi ntchito yowonjezera. Primer yake imatsinidwa ndi mkombero kapena ndi timano titatu kuti isagwe mu mfuti yodziwombera yokha. Primer yatsopano singalowe bwino kutsinako kusanachotsedwe, ndipo kukakamiza primer ndi chinthu chimene sindidzachita. Ndapala m'mphepete ndi kachida kake ka m'manja, kungochotsa mlomo wokhawo. Ukapala kwambiri, primer imasowa pogwira.

Kabowo ka primer kakhalanso woweruza wina. Mnzanga anandibwereka kachitsulo koyezera, kokhala ndi mbali yoyenera kulowa ndi ina yosayenera kulowa. Mbali yachiwiriyo ikalowa, tsinde la chigoba linafufuma ndipo silingabwerere. Pa zanga palibe chinagwa. Pa za ku range zinagwa zingapo zimene zinali zitadutsa mayeso ena onse.

Pakati pa Julaye

Kudula kumabwera pambuyo pa kufinya, chifukwa die imatalikitsa chigoba. Utali womaliza wa .308 ndi mainchesi 2.015, ndiye kuti 51.18 mm, ndipo mabuku amati tizidula kufika 2.005, pafupifupi 50.93 mm. Kusiyana kwake ndi kotala ya milimita, koma chigoba chikapyola, kamwa yake imakalowa pomwe chamber ikuthera n'kutsina mutu wa chipolopolo, ndipo pulesha imakwera ngakhale wonga uli woyenera. Ndayeza chilichonse, ndadula zonse kuti zifanane, n'kupala pakamwa mkati ndi kunja kuti mutu udzalowe osakalika. Ntchitoyi ndi yotopetsa zala, makamaka m'mawa wa Julaye kuno, koma ilibe chinsinsi.

Chidwi changa chinali pa sikelo. Za fakitale imodzi zimalemera moyandikana. Za asilikali zinalemera moonekeratu kuposa zanga, pamene kunja zonse zatuluka mu die imodzi ndipo n'zofanana. Kulemerako kuli m'makoma, ndiye kuti malo a wonga mkati ndi ochepa. Ndinatsimikiza ndi madzi: kutseka kabowo ka pansi, kuyeza chopanda kanthu, kudzaza ndi jakisoni mpaka pakamwa, kuyezanso. Cha asilikali chinamwa madzi ochepa. Wonga womwewo m'malo ochepa umapereka pulesha yokwera, choncho muyezo umene uli bwino m'chigoba china ungakhale wowopsa m'chinzake. Apa ndaona kuti kusakaniza zigoba m'bokosi limodzi sikungosokoneza kulunjika kokha. Mtundu uliwonse ukufuna kuyambira pansi pawokha.

Za kuwotcha khosi kuti lifewe, ndawerenga ndipo ndaona mnzanga akuchita. Mkuwa umauma ukamapindidwa mobwereza, ndipo moto umaubwezera kufewa. Amawotcha khosi ndi phewa zokha, ena amapaka utoto wosungunuka pa 400°C kuti adziwe poimira, ndipo tsinde siliyenera kutentha ngakhale pang'ono, chifukwa tsinde lofewa silingapirire. Panopa ndazisiya. Zanga zawomberedwa kamodzi, sizikufuna moto, ndipo kuwotcha chigoba chosadziwika sikungandiuze zimene chinadutsamo.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Pomwe ndafika ndi apa. Zanga za PMP zonse zadutsa ndipo zili m'mabokosi awo. Pa chidebe cha ku range chatsala mwina chimodzi pa zitatu zilizonse, zogawidwa malinga ndi fakitale. Pa thumba la malume zatsala zodzaza dzanja limodzi, ndipo tagwirizana kuti zimenezo zisadzazidwe wonga. Ndaikamo mitu popanda primer, n'kuboola m'mbali kuti zisasokonezeke ndi zamoyo, ndipo ndizigwiritsa poyeserera kuyendetsa bolt ndi poikira die.

Bokosi lililonse lili ndi kapepala mkati mwa chivindikiro: fakitale, komwe zinachokera, tsiku lodula, ndi kangati zawomberedwa. Pa za ku range ndalemba kuti "osadziwika, kuphatikiza", ndipo ndiziwonjezera nambala kuyambira pano. Bokosi lizipita ku range lonse n'kubwera lonse, kuti zigoba zake zizikalamba limodzi. Zotayidwa ndaziphwanya pakamwa ndi pulayala kuti wina asadzazitole, ndatsimikiza kuti mulibe primer yamoyo, ndipo zipita kwa ogula mkuwa ku Magaba.

Zoyamba kudzaza zikhala zanga zokha. Chifukwa chake n'chakuti ndikadzaona chachilendo, bolt kulimba potsegula kapena primer kuphwatalala, ndikufuna ndidzadziwe kuti vuto lili pa wonga kapena pa kakhazikidwe ka mutu, osati ndiyambenso kukayikira chigoba. Wonga ndi wa kampani ya Somchem, ndipo muyezo ndiutenga m'buku la opanga wongawo, wa mutu womwe ndili nawo, kuyambira pa nambala yoyambira n'kumakwera pang'onopang'ono. Manambala otumizirana pa WhatsApp sindiwalandira ndipo anga sindiwalemba pano.

Malume andichenjezanso za nyengo. Zimene ndiyese m'mawa wozizira wa Ogasiti kuno ku Harare, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, zidzakumana ndi Okutobala wa ku chigwa komwe kutentha kumapyola 40°C, ndipo wonga ukatentha pulesha imakwera. Choncho sindifika kumapeto kwa tebulo la m'bukulo, ndipo muyezo umene ndisankhe ndidzauyesanso masana dzuwa likadzayamba kuswa mtengo mu Seputembala. Sabata ino ndikhazikitsa ma primer m'bokosi loyamba, magalasi ali kumaso, iliyonse itsike pang'ono pansi pa tsinde. Za ku range zidikira mpaka zangazi zitawomberedwa kachiwiri n'kuyezedwanso ndi kawaya.